Kuphika pamodzi ndi achinyamata achilatino ku America: malangizo kwa otsogolera magulu

Kalembera wa 2020 ku United States anapeza anthu oposa 62 miliyoni amene mizu yawo ili ku Mexico, Puerto Rico, El Salvador, Guatemala, Cuba ndi maiko ena a ku Latin America, anthu amene amatchedwa achilatino. Pa ana anayi aliwonse m'dzikomo, mmodzi ndi wachilatino, ndipo ochuluka anabadwira momwemo. Kusukulu amalankhula Chingerezi, akafika kunyumba agogo amawayankha m'Chisipanishi. Akapita kumudzi kwa makolo amawaona ngati alendo, akabwerera ku Texas kapena California ena amawafunsabe kuti kwanu n'kuti. Eni ake amadandaula kuti "ni de aquí, ni de allá", kuti sali a kuno, sali a uko.

Inu amene mumayendetsa gulu la achinyamata otere, kaya ndi kutchalitchi, kusukulu, kapena m'makalabu a 4-H (bungwe lophunzitsa achinyamata maluso ku America) monga a Juntos amene anayambira ku North Carolina State University mu 2007, lekani kuwakhazika pansi kuti afotokoze za chikhalidwe chawo. Mwana wa zaka 15 mukamufunsa zimenezo pagulu amangoweramitsa mutu. Apatseni ntchito ya manja. Ine ndimalimbikitsa tamalada, kusonkhana kwa banja kophika tamales nyengo ya Khirisimasi, chifukwa chakudyachi n'chotangwanitsa moti munthu mmodzi sangachithe bwino yekha, ndipo aliyense wobwera amapeza chogwira.

Tamal ndi ufa wa chimanga wokanda, umene amautcha masa, wopakidwa pa khoko la chimanga, pakati n'kuikapo nyama ya nkhumba kapena ya nkhuku yophikira tsabola, kapena nyemba ndi tchizi, kenako n'kupinda ndi kuphika ndi nthunzi. Amene anadyapo mkate wa nthochi wokulunga m'masamba akumva kale mmene zimakhalira.

Musanagule kalikonse, funsani ana kumene mabanja awo anachokera. Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya, chifukwa amaona ngati aliyense ndi wa ku Mexico. N'zoona kuti ochokera ku Mexico ndiwo ochuluka, pafupifupi anthu 6 pa 10 aliwonse, koma mwana wa banja la ku Guatemala amadziwa tamal yofewa yokulunga m'tsamba la nthochi. Wa ku Puerto Rico amadziwa pasteles, zopangidwa ndi nthochi zosapsa. Wa ku Venezuela anakulira hallacas, zofanana ndi tamales, ndipo wa ku El Salvador adzakufunsani za pupusas, zitumbuwa za chimanga zokhala ndi ndiwo mkati, ndi kabichi wake wowawasa wotchedwa curtido. Mukaphika za dziko limodzi chaka chonse, mwauza enawo kuti ngakhale pano ndi alendo. Sinthanani, mwezi uno banja ili, mwezi wamawa banja lina.

Mphunzitsi akhale mayi, agogo kapena azakhali a mmodzi wa anawo, osati inuyo, ngakhale mutakhala katswiri. Kawapempheni kunyumba kwawo mwaulemu, ndipo muwabwezere ndalama ya zonse zimene agule. Koma mugwirizane chinthu chimodzi tsiku lisanafike: iwo aonetse kawiri kapena katatu, kenako supuni aipereke. Agogo ambiri manja amawayabwa akaona mwana akupaka masa mokhuthala, ndiye amalanda n'kumalizitsa okha. Zikatero mwana wabwerera kukhala woonerera. Tamal yopindika idzapsa ndithu, ndipo adzaidya mwini wake.

Nkhani ya chilankhulo muisamale kwambiri. Ana ena Chisipanishi amangomva koma kuyankha kumawavuta, ndipo anzawo amawanyoza kuti "no sabo kids", kutanthauza ana osadziwa bwino Chisipanishi. Mawu amenewa amapweteka, musawalole m'khitchini mwanu. Mwana afunse m'Chingerezi, agogo ayankhe m'Chisipanishi, wina amasulire kapena angolozerana ndi chala. Musakonze galamala ya munthu amene manja ake ali m'masa. Komanso musafunse aliyense za mapepala ake okhalira m'dzikomo, ngakhale pa fomu yolembetsera. Funso limodzi lotere likhoza kuchititsa kuti mabanja angapo asadzabwerenso.

Kugona pakati n'kuyambirira. Nyama iphikidwe dzulo lake n'kusungidwa m'firiji. Makoko anyikidwe m'madzi otentha mpaka afewe. Tebulo likhale lalitali, wina akupukuta makoko, wina akupaka, wina akuika nyama, wina akupinda, ndipo muziwasinthanitsa malo kuti amene sadziwana akhale moyandikana. Anyamata asathamangire konyamula mapoto okha, nawonso apake. Pokanda masa ndi mafuta a nkhumba, amayi amatsina kachidutswa n'kukaponya m'kapu ya madzi. Kakayandama ndiye kuti yakandika. Ena amaika kobiri m'madzi a m'poto, ikamalira ndiye kuti madzi akadalipo, ikangokhala chete thirani ena msanga. Tizinthu timeneti ana amatikonda, ndipo m'pamene amayamba kufunsa okha kuti agogo anaphunzira kwa yani. Muphikeko zina za nyemba ndi mafuta a masamba za amene sadya nkhumba, ndipo mufunsiretu za zakudya zimene thupi la wina limadana nazo.

Poto akakhala pamoto pamatsala ola limodzi kapena kuposerapo. Musadzaze nthawiyo ndi zokamba zanu. Ngati mukufuna kuphunzitsapo kanthu, kambani za chimanga chenichenicho. Chinayamba kulimidwa kumwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo makolo akale a kumeneko anatulukira njira yochiphika m'madzi a laimu (wa mwala, osati chipatso) asanachipere, zimene zimamasula vitamini wotchedwa niacin kuti thupi limulandire. Chimanga chinafika kuno ku Africa koma njirayo inatsala. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala pelagra m'misasa ya m'Malawi muno, matenda a khungu obwera chifukwa chosowa niacin. Mwana amene wakhala akuchita manyazi ndi chakudya chake kusukulu ayenera kumva kuti agogo ake akusunga sayansi yotere, ndiponso kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika kaphikidwe ka ku Mexico pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2010.

Za ukhondo musanyengerere. Aliyense asambe m'manja ndi sopo, nyama ya nkhuku ipse mpaka 74°C mkati mwake, ndipo chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Tamal yapsa khoko likamasendeka losamatirira. Idyani pamodzi, agogo ayambe kutenga, ndipo mwana aliyense anyamuleko zina za makolo amene anali kuntchito. Asanabalalike sankhani tsiku lotsatira ndi banja lotsogolera. Mukaphika mu Disembala, tsiku loyenera lili kale pafupi: pa 2 Febuluwale, pa Candelaria, chikondwerero chokumbukira kuperekedwa kwa mwana Yesu m'kachisi, mabanja a ku Mexico amaphikanso tamales.