Lekani kugula homuweki kwa ana anu

Teremu ino ndaona chinthu chimodzi m'makomo ambiri, ndipo chikundidetsa nkhawa. Makolo atopa ndi kukalipa, ndiye ayamba kugula homuweki. Mwana wa zaka 14 kapena 15 akakana kutsegula kope, amayi ake amati, "Ukamaliza masamuwo ndikugulira bandulo." Abambo nawo amalonjeza kangachepe Loweruka. Madzulo amenewo mwana amalembadi, pakhomo pamakhala bata, kholo nkumaganiza kuti lapeza mankhwala. Isanathe milungu ingapo, mwana yemweyo ayamba kufunsa asanagwire ndi cholembera chomwe, "Lero ndikalemba mundipatsa chiyani?"

Za malo abata owerengera ndi kuwala kokwanira sindinena, zimenezo aliyense akuzidziwa. Ndikufuna tikambe zomwe malonda amenewa akuwononga.

Choyamba kuwonongeka ndi ntchito yomweyo. Mwana amene akulembera malipiro amafunafuna njira yachidule yofikira pa malipirowo. Tengani kope lake mulione bwino. Mayankho onse alipo, olondola ndithu, koma njira yopezera yankho palibe, palibe pofufuta ngakhale pamodzi, palibe pamene anasokonezeka nkuyambiranso. Mnzake wajambula tsamba lake nkumutumizira pa WhatsApp, iye wangokopera. Inu mwalipira, aphunzitsi achonga, onse awiri mukuganiza kuti mwana akudziwa. Chonsecho homuweki ntchito yake ndi kuonetsa pamene mwana sanamvetse, kuti athandizidwe mayeso asanafike. Ndalama yanu yaphimba dzenjelo, ndipo mudzalidziwa tsiku lotuluka zotsatira.

Bambo wina, mlimi wolimbikira kwambiri, anandidandaulira za mnyamata wake. Anagwirizana naye kuti tsamba lililonse lolembedwa lizikhala ndi mtengo wake. Mnyamatayo anayamba kulemba zilembo zikuluzikulu, kudumpha mizere, tsamba nkumadzaza ndi mafunso awiri okha. Mwezi umene ndalama zinavuta, kope silinatsegulidwe nkomwe. Nditawafunsa bambowo kuti waganyu wolipidwa pa mzere amapalira bwanji mwini munda akachoka, anaseka. "Alangizi, amangokwirira udzu ndi dothi, mvula ikagwa wonse waphukanso." Ndinawauza kuti kope la mwana wawo lapaliridwa chomwecho. Sanaseke kachiwiri.

Chachiwiri chimapweteka kuposa pamenepo, chifukwa sichioneka msanga. Malipiro amadya kachidwi kochepa komwe mwana anali nako. Mu 1973, Mark Lepper ndi anzake ku yunivesite ya Stanford anatenga ana aang'ono okonda kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, atawasiyira zojambulira popanda mphoto, ana olonjezedwa aja anajambula pafupifupi theka la nthawi imene anzawo anajambula. Mwina munena kuti amenewo anali makanda. Wofufuza wina, Edward Deci, anali ataona kale zofanana mu 1971 pa ophunzira a ku koleji amene ankalipidwa pothetsa masewera oganiza. Mu 1999, Deci ndi anzake awiri anaunika kafukufuku wokwana 128 ndipo anapeza kuti mphoto zogwirika zolonjezedwa pasadakhale zimachepetsa chidwi, pamene mawu oyamikira amachikulitsa. Mwana amaganiza mophweka: ngati akundilipira kuti ndichite, ndiye kuti chinthuchi nchosafunika kwa ine, nchofunika kwa iwo.

Ndikamanena izi pamisonkhano ya makolo, sipalephera wina woimirira nkunena kuti, "Ife tinakula ndi mkwapulo ndipo tinaphunzira." Mawu amenewa ananditopetsa. Amene anathawa sukulu chifukwa cha mkwapulo womwewo sabwera kumisonkhano kudzapereka umboni wawo. Ndipo mkwapulo ndi ndalama zimachita chimodzimodzi: mwana amalemba inu mukakhalapo, mukachokapo basi. Kulanda foni mwezi wathunthu, kumukhazika patebulo mpaka pakati pa usiku, zonsezi nzakale zimene tikungozisintha dzina. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Akatha msinkhu, thupi lake limachedwa kumva tulo kusiyana ndi pamene anali mwana. Mukamugoneka mochedwa chifukwa cha homuweki, mawa akasinza m'kalasi, sakamva phunziro, madzulo homuweki imukanikanso, inu nkumati ndi ulesi. Nthawi zambiri si ulesi ayi. Mwana wamkulu amalolera kutchedwa waulesi kusiyana ndi kuoneka mbuli pamaso pa makolo ake. Mbali ya ubongo yoyendetsa kukonzekera ndi kudziletsa imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20, ndiye musadabwe kuti kuyamba kumamuvuta ngakhale akudziwa kuti mayeso ali pafupi.

Tsono muchite chiyani? Malipiro aleke, koma muuzeni poyera, musangosiya mwakachetechete. Milungu yoyamba adzanyanyala, pirirani. Kulemba nkokakamiza, koma nthawi yoyambira ndi phunziro loyamba asankhe yekha, ndipo akasankha musamusinthire. Ayambe ndi mphindi 25 zokha, apume 5, abwererenso. Foni ikhale chipinda china pa nthawiyo, yanunso. M'malo mofunsa kuti "Wamaliza?", nenani kuti, "Tandionetsa funso limene lakuvuta." Ngakhale phunzirolo simukulidziwa, muuzeni akufotokozereni, pofotokozapo adzaona yekha pamene pakusoweka. Poyamikira tchulani chimene wachita, monga kubwereza funso limene analakwa. Akapanda kulemba, musamulembere ndipo musakamupepesere kusukulu, akayankhe yekha kwa aphunzitsi. Ngati phunziro limodzi lokha ndilo akulithawa, kaonaneni ndi mphunzitsi wake sabata yomweyo, mwanayo ali pomwepo. Ndipo ngati wasiyanso kudya bwino, kugona, kapena kucheza ndi anzake, nkhani si ya homuweki ayi, pitani naye kwa azaumoyo.