Kusaka coyote (nyama yonga nkhandwe ya ku North America) muli pa nsanja ya mumtengo m'tchire lowirira

Zofunika: laisensi yosakira (ku America malamulo amasiyana malinga ndi dera: a ku Texas ndi osiyana ndi a ku Pennsylvania), nsanja, lamba wachitetezo wa thupi lonse, chingwe, ndi kachipangizo kolira ngati kalulu wovulala.

1. Sankhani mtengo wamoyo, wowongoka, woyang'anizana ndi kanjira ka nyama.

2. Onani mphepo. Coyote sabwera molunjika. Amazungulira n'kudzera kumene mphepo ikupita kuti ayambe wanunkhiza kaye. Mbali imeneyo muziyiona bwino.

3. Ikani kachipangizoko pansi, mamita ngati 30 kuchokera pamtengo, kumene mphepo ikuchokera.

4. Dzimangirireni kumtengo phazi lisanachoke pansi. Ambiri amalakwitsa apa: amamanga lamba atakhala kale, chonsecho ngozi zambiri zimachitika pokwera ndi potsika.

5. Nsanja ikhale mamita 4 kapena 5 kuchokera pansi. Mukapitirira, nthambi zikutchingani.

6. Kokani mfuti ndi chingwe, ilibe chipolopolo, italoza pansi.

7. Lizani kachipangizo kaja pang'ono, khalani chete, mudikire mphindi 30. Musawombere musanaione nyama yonse, chifukwa m'tchire galu wa mwini amafanana ndi coyote.