Kukonza mavuto a WiFi ya mesh pa nyumba imene ili kale ndi rauta

M'miyezi yapitayi ndakhala ndikuitanidwa m'makomo angapo pa boma la Kasungu, ku Santhe ndi ku Mtunthama, ndi anthu amene anagula zipangizo za mesh (zipangizo zingapo, chachikulu chimodzi ndi zinzake, zopatsirana WiFi m'nyumba) poyembekezera kuti WiFi ifika chipinda chilichonse, koma akupeza kuti intaneti ikudukaduka kuposa kale. Kawirikawiri zipangizozo zimakhala zili bwinobwino. Chimene chimavuta ndi mmene zalumikizidwira ku rauta yakale, ija imene ili ndi simu khadi ya TNM kapena Airtel, kapena imene inabwera ndi kampani yopereka intaneti.

Tiyenera kumvetsa kaye kuti mesh sibala intaneti. Ntchito yake ndi kugawa intaneti imene yalowa kale m'nyumba, monga mmene mapaipi amagawira madzi kudimba, ndipo chitsime chikaphwa, kuwonjezera mapaipi sikubweretsa madzi. Choncho musanasinthe chilichonse, zimitsani zipangizo zonse za mesh, imani pafupi ndi rauta yakale, lumikizani foni kapena laputopu kwa iyo yokha, ndipo yesani liwiro lake m'mawa ndi madzulo. Ikamavuta pamenepo, onani ngati bandulo ikadalipo, kenako sunthirani rautayo pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli nsanja ya netiweki. Ngati liwiro likutsika madzulo okha, vuto ndi kuchuluka kwa anthu pa nsanjayo, ndipo mesh singathetse zimenezo.

Rauta yakale ikamagwira bwino ili yokha, ndiye kuti tafika pa vuto limene ndimalipeza m'makomo ambiri. Rauta iliyonse imabwera yokonzeka kukhala mutu wa netiweki: imagawa maadiresi kwa mafoni ndi makompyuta onse, ndipo imaima pakhomo pakati pa nyumba yanu ndi intaneti. Chipangizo chachikulu cha mesh nachonso ndi rauta. Mukangochilumikiza ku rauta yakale osasintha kanthu, m'nyumba mumakhala mitu iwiri, ndipo akale anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Amisiri amatchula vutoli kuti double NAT. Zizindikiro zake n'zosavuta kuzizindikira: laputopu siikuona pulinta chifukwa chimodzi chili pa WiFi yakale ndipo china chili pa ya mesh, makamera a pa mpanda akukana kuoneka pa foni, masewera a pa intaneti akukana kulumikizana, ndipo foni ikumalumpha pakati pa ma WiFi awiri pamene mukuyankhula pa WhatsApp. Zimafika poipa ngati marauta onse awiri akugwiritsa ntchito maadiresi a mtundu umodzi, mwachitsanzo onse oyamba ndi 192.168.1, pakuti pamenepo intaneti imatha kuima kotheratu.

Mankhwala ake ndi kusankha mutu umodzi, ndipo njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuika rauta yakale pa bridge mode, kuti ingolandira intaneti n'kuipereka kwa mesh, imene imatenga udindo wonse. Iyi ndi njira yabwino kwambiri, koma marauta ambiri a simu khadi alibe mwayi umenewu. Yachiwiri, imene ndimalangiza anthu ambiri kuno kwathu, ndi kusiya rauta yakale ikhale mutu n'kuika mesh pa access point mode, kuti izingofalitsa WiFi basi, kudzera mu apu yake ya pa foni. Dziwani kuti mukatero, zinthu zina za mu apuyo, monga kuchepetsa nthawi imene ana amakhala pa intaneti, zimatha kusowa pa mitundu ina ya mesh, koma netiweki imakhazikika.

Njira iliyonse imene mwasankha, chingwe cha ethernet chichoke pa kabowo kolembedwa LAN ka rauta yakale kupita ku chipangizo chachikulu cha mesh, ndipo WiFi ya rauta yakale izimitsidwe. Kuti muizimitse, lembani adiresi ya rautayo mu bulawuza. Marauta ambiri a Huawei amagwiritsa ntchito 192.168.8.1, ena 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo adiresi yeniyeni pamodzi ndi pasiwedi zimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake. Chitani zimenezi mutatsimikiza kuti mesh ikugwira, kuopa kudzitsekera kunja.

Nkhani yachiwiri ndi ya malo. Anthu ambiri amatenga chipangizo chachiwiri n'kukachiika m'chipinda chimene mulibiretu WiFi, poganiza kuti m'menemo ndi mmene chikufunika. Koma chipangizocho chimapereka zimene chalandira, ndipo chikamalandira mofooka chimaperekanso mofooka, ngakhale foni ikuonetsa mizere yodzaza. Malo ake ndi pakati pa chipangizo chachikulu ndi chipindacho, monga m'kolido, pamalo okwera ndi poyera, osati m'kabati, kuseri kwa TV kapena pamwamba pa furiji. Nyumba zathu za njerwa zowotcha zimaletsa kwambiri mafunde a WiFi a 5 GHz, amene ndi othamanga koma osapita patali, pamene a 2.4 GHz amaboola makoma bwinoko ngakhale ndi ochedwerapo. Malata ndi thanki ya madzi zimatchinga koposa njerwa. Pa mesh yamitengo yotsika, chipangizo chilichonse chimene chikulandira kwa chinzake popanda chingwe chimatha kutaya pafupifupi theka la liwiro, choncho kundandalika zipangizo zitatu mu mzere umodzi kumasiya chomaliza chilibe mphamvu.

Pa chifukwa chimenechi, amene akufuna kufikitsa intaneti ku nyumba yakuseri kapena ku golosale ya kumsewu ndimawauza kuti akoke chingwe. Chingwe cha ethernet cha mtundu wa Cat5e kapena Cat6 chimagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kugula chipangizo china. Chidutse mu paipi yokwiriridwa pansi, osati kulendewera pa mitengo, ndipo nyengo ya mvula ikafika muzichizula pamene kukuchita ziphaliwali, chifukwa mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu yake imatha kuyenda m'chingwemo n'kuwotcha zipangizo za mbali zonse ziwiri.

Magetsi akazima n'kuyakanso, zipangizo zonse zimadzuka nthawi imodzi, ndipo mesh imatha kufunafuna intaneti rauta yakale isanagwire netiweki. Mukaona nyali yofiira pa chipangizo cha mesh, zimitsani zonse, yatsani rauta yakale yokha, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako yatsani chipangizo chachikulu, ndipo zinazo zibwere pambuyo. Amene ali ndi sola kapena inveta aike rauta yakale ndi chipangizo chachikulu pamenepo, pakuti zimadya magetsi ochepa kwambiri.

Pali madandaulo enanso awiri amene ndimawamva. Makamera ambiri ndi mafoni akale amagwira 2.4 GHz yokha, ndipo ena amakana chitetezo cha WPA3, choncho akamakana kulumikizana sankhani WPA2 mu apu. Enanso amadabwa kuti bandulo ikutha msanga atangoika mesh. Chifukwa chake n'chakuti foni ikaona WiFi imaganiza kuti intaneti ndi yopanda malire, n'kuyamba kukonzanso ma apu ake ndi kutumiza zithunzi zonse kosungira kwa pa intaneti, ndipo tsopano mafoni a m'nyumba yonse akuchita zimenezo usiku wonse. Pa foni ya Android mungathe kuuza foniyo kuti WiFi imeneyi ndi yolipira mwa muyeso, ndipo pasiwedi isamaperekedwe mwachisawawa.

Kabatani ka reset ka rauta yakale musakathamangire. Kamafufuta dzina la WiFi, pasiwedi, ndipo pa marauta ena kamafufutanso APN imene simu khadi imadalira kuti ilowe pa intaneti. Ngati pafunikadi kukadina, jambulani kaye ndi foni masamba onse a makonzedwe a rautayo, kuti mukhale ndi pobwerera mukamailembanso.