Mukaitanidwa ku wekishopu ya aphunzitsi, chitani izi kuti zikafike m'kalasi

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene mwangotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi (TTC), tchuthi chikamayandikira mudzamva ahedi akuti, "Lolemba kuli CPD ku TDC, pasapezeke wojomba." CPD ndi maphunziro osula aphunzitsi ali pantchito, ndipo TDC ndi malo amene aphunzitsi a sukulu za zoni imodzi amakumanirako pa maphunziro otere. Ena mudzasankhidwa kupita kutali ndithu, kuboma kapena ku Domasi kumene kuli Malawi Institute of Education. Ine ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa zaka zambiri ndipo misonkhano yotere ndakhalamo mokwanira. Yambiri imathera pakhomo pa holo. Anthu amaomba m'manja, kusayina, kukwera kabaza, teremu ikatsegulidwa n'kumaphunzitsa momwe ankaphunzitsira chaka chatha. Ndilemba apa zimene ineyo ndimachita kuti ulendowo usapite pachabe.

Muyambe mwadziwa kayendedwe kake. Boma litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo linalemba ntchito aphunzitsi masauzande amene anali asanaponde kukoleji. Anthu amenewa anayenera kusulidwa ali pantchito. Ma TDC a m'mazoniwa anamangidwa m'zaka zotsatira, a PEA, alangizi a maphunziro a kupulayimale, n'kumayang'anira zoni iliyonse. Kuyambira pamenepo chatsopano chilichonse, kaya ndi silabasi ya kupulayimale ya 2007 yotchedwa PCAR, kaya ndi pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme imene inayambira mu Sitandade 1 mu 2016, chimatsika mwanjira imodzimodzi: akatswiri ochepa amaphunzitsa a PEA ndi aphunzitsi osankhika, iwowo n'kudzaphunzitsa ife kuzoni, ife n'kukauza anzathu otsala pasukulu. Anzathu a masamu ndi sayansi kusekondale ali ndi yawo, SMASSE, imene inayamba mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, koma nayonso imatsika choncho. Kuli ngati kupatsirana madzi m'chidebe chodontha. Zimene anakambirana sabata yathunthu kumwamba, pofika kuzoni n'zamasiku awiri, pofika pasukulu n'zapabureki. Ngati mwatumidwa kuimira sukulu, dziwani kuti anzanu otsalawo akamva zokhazo zimene inu mwakwanitsa kusenza.

Musananyamuke

Pemphani ahedi akuonetseni kalata kapena uthenga umene wabwera. Mawu oti "kuli wekishopu" ndi osakwanira. Mudziwe mutu wake, masiku ake, amene akonza, komanso ngati n'zogonera konko kapena zoyendera. Ndinaonapo mphunzitsi wa Sitandade 7 atakhala masiku onse pa maphunziro a kawerengedwe ka Sitandade 1, chifukwa chongoti ndiye anali pafupi ndi ofesi uthenga utafika. Mukaona kuti mutuwo si wa kalasi yanu, nenani mwaulemu kuti apite mwini kalasi. N'zowawa pamene pali kandalama, koma mawa ikadzabwera yanu mudzakhala ndi pakamwa poyankhulira.

Kenako madzulo amodzi khalani pansi mulembe vuto limodzi la m'kalasi mwanu logwirizana ndi mutuwo. Musalembe kuti "ana sakhoza Chichewa", limenelo ndi dandaulo chabe. Lembani motere: "Ana anga amatchula bwinobwino liwu la n ndi la a palokhapalokha, koma ndikawaphatikiza kuti awerenge na amangondiyang'ana." Kapena: "Ndikapereka 52 kuchotsa 17, theka la kalasi limalemba 45." Funso lotere otsogolera maphunziro sangalizembe ndi mawu a m'buku, ndipo mnzanu wina m'holomo anakumana nalo kale.

M'chikwama muikemo buku la mphunzitsi, buku la ophunzira, sikimu yanu, ndi makope atatu a ana: la wokhoza, la wapakati, la wovutika, maina mutaphimba. Pasakhale kuiwala chitupa cha unzika ndi nambala yanu ya ntchito. Foni ikhale yodzaza moto, poti ma TDC ena alibe magetsi. Mugulenso kope limodzi lachikuto cholimba loti lizikhala la misonkhano yonse chaka ndi chaka. Mapepala amene amagawa aja tonse tikudziwa kuti amathera kokolezera mbaula.

Ngati zachitika mkati mwa teremu, siyirani wogwirizira kalasi yanu ntchito yolembedwa, tsamba ndi tsamba.

Za alawansi

Tisabisane, malipiro athu tikuwadziwa, ndipo palibe chochititsa manyazi kufunsa za ndalama. Koma funsani tsiku loyamba m'mawa, nkhaniyo ithe: ndi zingati, za chiyani, azipereka liti, pamanja kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ngati ndi zapafoni, perekani nambala yolembetsedwa m'dzina lanu, muilembe manambala ooneka bwino. Musasayine pepala limene malo a kuchuluka kwa ndalama ali osalemba. Ndipo nthawi zonse mubise yanuyanu yobwerera kunyumba, chifukwa malonjezo oti "zilowa madzulo ano" nthawi zina amatha sabata. Zikatero mtima uli m'malo, mungathe kumvetsera. Ndaona maphunziro abwino akusokonekera tsiku lonse chifukwa anthu akunong'onezana za kuchuluka kwa alawansi. CPD ya pasukulu kapena ya pazoni kawirikawiri imakhala ya chakumwa ndi banzi basi, komabe zina zimene zinandithandiza kwambiri ndinazitola kotereko.

M'holo

Tsamba lililonse la kope lanu mulidule pakati ndi mzere. Kumanzere muzilemba zimene otsogolera akunena, kumanja zimene mukachite m'kalasi mwanu, ndi ana anu, ndi zipangizo zimene muli nazo. Pofika masana mudzaona kumanzere kwadzaza, kumanja kuli mbee. Pamenepo ndiye pokweza dzanja.

Mbali yofunika kuposa zonse ndi phunziro lachitsanzo, ndipo ndi imenenso imanamiza. Otsogolera amati, "Tiyerekeze kuti ndinu ana a Sitandade 1." Ndiye akuluakulu 40 okhala pamipando, okhuta tiyi, odziwa kale kuwerenga, amayankha mokoma funso lililonse, phunziro n'kutha pa mphindi yake ndendende. Kalasi yanga ili ndi ana oposa 100 okhala pansi, akumbuyo saona pabolodi, ena abwera osadya. Choncho poonerera muzikhala ndi wotchi. Lembani mphindi zimene gawo lililonse latenga, kenako dzifunseni kuti kugawa mabuku kokha kwa ana anu kumadya mphindi zingati.

Njira imene tinaphunzitsidwa mu National Reading Programme ili ndi masitepe atatu: mphunzitsi achite yekha ana akuona, kenako mphunzitsi ndi ophunzira achitire limodzi, pomaliza ophunzira achite paokha. M'kalasi yaikulu sitepe yachitatuyi ndiyo imafa. Imasanduka kwaya. Ana asanu akutsogolo amawerenga, ena onse n'kumangotsatira mawu, maso ali pawindo, iwe n'kumati zatheka. Funsani otsogolera mosapita m'mbali: "Bambo, buku limodzi pa ana anayi, ndimumva bwanji mwana mmodzimmodzi?" Akayankha kuti muwaike m'magulu, funsaninso kuti magulu angati, atsogolere ndani, inu muime pati. Musachite ngati mukuwayesa. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi anzathu amene angophunzitsidwa sabata yathayi, ndipo funso likakhala lenileni amalitembenuzira kwa anthu onse m'holo, kumene mayankho abwino amachokera.

Akati, "Ndani abwere kutsogolo adzayesere?" mudzaona anthu akuwerama ngati akufuna cholembera m'chikwama. Inu dzukani. Kuphonya pamaso pa anzanu kulibe mtengo, kuphonya pamaso pa ana kumawadyera teremu. Ine ndikadzuka ndimapempha kuti anzanga akhale ana enieni: mmodzi agwire buku chozondotsa, wina apemphe kupita panja, awiri alimbirane pensulo, wina angokhala duu. Holo yonse imafa ndi phwete, koma pamenepo m'pamene timaona kuti njirayo ikuthyokera pati, ndipo otsogolera amakonza tili pomwepo.

Pa ntchito ya m'magulu musakhale ndi a pasukulu panu, nkhani zawo mumazidziwa kale. Matchati opachikidwa pakhoma muwajambule ndi foni asanawamatule.

Nthawi ya bureki musaipeputse. Mayi wina wophunzitsa kusukulu ya kutsidya kwa dambo, kumene galimoto silifika dzinja, anandionetsa kachipangizo kake titakhala pakhonde. Anadula katoni ya sopo kukhala kamzere kotalika, n'kulembapo a, e, i, o, u motsika. Pa kakhadi kena analemba n. Akamatsetsereza kakhadiko m'mbali mwa mzerewo, mwana amaona ndi maso ake na, ne, ni, no, nu zikubadwa, ndipo chala chake ndicho chimakankha. Akasintha kakhadi kukhala k kapena m, maphatikizo ena asanu abwera. Anali ndi timizere totere tokwanira gulu lililonse, tosungidwa m'jumbo ya shuga. TALULAR imene timaimba m'misonkhano ija, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, ndi imeneyi, ndipo sinali pa pulogalamu ya tsikulo. Munthu wotere mutenge nambala yake. Gulu la WhatsApp limene amatsegula tsiku lomaliza limakhala la moni wa m'mawa ndi mauthenga a maliro pakangotha mwezi, koma nambala ya munthu mmodzi wodziwa ntchito imagwira zaka.

Tsiku lomaliza amakupatsani pepala la akishoni pulani, lolembapo zimene mukachite mukabwerera. Anthu amalemba zinthu khumi kuti lioneke lodzaza. Lembani chimodzi, mwina ziwiri, ndi tsiku loyambira. Pa fomu younikira maphunziro musangochonga "zabwino kwambiri" ponseponse. Ngati nthawi yoyeserera inachepa chifukwa mwambo wotsegulira unadya m'mawa wonse podikira mlendo wolemekezeka, lembani choncho.

Mukabwerera

Sabata yoyamba isathe musanakaonane ndi ahedi ndi mkulu wa sekishoni yanu. Apa ambiri timalakwitsa posonkhanitsa anzathu mu sitafu rumu n'kuwawerengera manotsi, iwo akuchonga makope. Pemphani piriyodi imodzi, muphunzitse ana enieni anzanu ataima kumbuyo. Ana akaweruka mukhale pansi pa mtengo mphindi 20, aliyense anene chimene waona chikugwira ndi chimene chakanika. Pa zokanikazo musadziteteze ndi mawu oti "ndi mmene anatiuzira". Mukonzere limodzi. Ngati pakufunika mapepala aakulu ndi zolembera, uzani ahedi msanga kuti zilowe mu pulani ya sukulu, poti ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zimatsata zimene zinalembedwamo.

M'kalasi mwanu yambani ndi chinthu chimodzi chija, ndipo muchiyeze. Musanayambe, sankhani ana 10 osakaniza, anyamata ndi atsikana, akutsogolo ndi akumbuyo. Muitane mmodzimmodzi pabureki, awerenge maphatikizo 10 kapena asove masamu asanu, mulembe zimene aliyense wakhoza m'kope lachikuto cholimba lija. Pakatha masabata anayi muwaitanenso omwewo. Masabata awiri oyamba zimaoneka ngati zikuipiraipira, chifukwa ana sanazolowere ndipo inunso mukuyang'anabe m'buku pafupipafupi. Musasiyire pamenepo. Koma ngati pofika sabata yachinayi palibe kusintha, imbirani mnzanu uja mumve mmene iye akuchitira, ndipo a PEA akabwera kudzaonerera phunziro muwaonetse tsambalo. Kukambirana kumasintha mukakhala ndi manambala a ana anu m'manja. M'malo mongokuchongani pa fomu yawo, amakhala pansi n'kuyamba kuganiza nanu, ndipo akamva zomwezo m'sukulu zingapo amakhala ndi chokanena kumwamba.

Satifiketi, ngati apereka, muiike mufayilo tsiku lomwelo, osati pansi pa matiresi. Ngati sanapereke, lembani nokha tsiku, malo, mutu ndi amene anakonza, ahedi asayinepo ndi kudinda. Teachers Council of Malawi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro la 2013, ndiyo imalembetsa aphunzitsi ndi kupereka ziphaso, ndipo umboni woti mumapitiriza kuphunzira ndi chinthu choti muzikhala nacho pafupi. Pa intavyu yokwezedwa pantchito, wonena kuti "ndinapita ku mawekishopu ambiri" amasiyana ndi wotha kufotokoza chimene anasintha m'kalasi ndi zimene zinatsatira.

Tsono alipo ena amene dzina lawo silituluka, chaka ndi chaka amapita omweomwewo. Kung'ung'udza kuseri kwa ofesi sikunasinthepo zimenezi. Pa msonkhano wa aphunzitsi woyamba wa teremu pemphani kuti pakhale ndandanda yolembedwa, yopachikidwa mu sitafu rumu, yosonyeza amene anapita, mutu wake, ndi tsiku limene anaphunzitsa anzake atabwerako. Podikira nthawi yanu, wobwera kumeneyo musamusiye. Mubwerekeni kope lake usiku umodzi, ndipo mumufunse tsiku limene mungakaime kumbuyo kwa kalasi yake.