VA yakupatsani 10 peresenti pa msana? Chitani apilo

Abale amene munalowa usilikali wa ku America ndi green card, n'kutulukako msana utatheratu ndi zikwama zolemera zija, tamvani za VA, ofesi ya boma yoona za asilikali akale, yomwe imayeza kuvulala kwanu m'maperesenti n'kumakulipirani molingana ndi peresentiyo. Chimatipweteka ife Amalawi ndi ka "ndili bwino kaya inu" kaja. Ku C&P exam, komwe amakupimani kuti VA ione kuvulala kwanu, dokotala akafunsa muli bwanji zomwe mwayankhazo amalemba, ndiye iwe ukawerama mpaka kugwira zala zakuphazi utaluma mano kuti uoneke mwamuna, iye akungowerenga madigiri pa ka goniometer kake, kachipangizo koyezera kuwerama, basi. Nenani pomwe ululu wayambira, mufotokozenso za masiku oipa aja oti ngakhale sokosi amakuvekani ndi akazi anu.

Chifukwa VA imayang'ana kuwerama. Madigiri opitirira 60 mpaka 85 ndi 10 peresenti, opitirira 30 mpaka 60 ndi 20, ukalephera kudutsa 30 ndi 40.

Koma pomwe ambiri amataya ndalama ndi pa mitsempha. Dzanzi lija lotsika m'thako mpaka kuphazi, kapena kubaya ngati singano, amati radiculopathy, ndipo limawerengedwa palokha, mwendo uliwonse pawokha. Mtsempha wa sciatic, wotsika m'mwendo uja, umayambira pa peresenti 10, 20, 40, 60 mpaka 80. Mukapanda kutchula akhoza osalemba n'komwe. Masamu awo ophatikizira maperesenti ndi ena ake, 40 ndi 20 si 60 ayi, imatuluka 52 iwo n'kuitsitsa pa 50.

Kuyambira 2019 njira za apilo zilipo 3. Ngati mukuona kuti anangophonya pa umboni omwe anali nawo kale, Higher-Level Review, fomu 20-0996, uku umboni watsopano salandira koma pemphani informal conference muyankhule nawo pafoni. Ngati muli ndi zatsopano monga MRI, EMG (kuyeza mitsempha ndi minofu) kapena kalata ya mnzanu amene munali naye ku ntchitoko, Supplemental Claim, fomu 20-0995. Yachitatu ndi Board Appeal, fomu 10182, fayilo imakafika kwa jaji koma muzidziwiratu kuti imachedwa.

Muli ndi chaka chimodzi kuchokera pa deti la pa kalata ya chigamulo cha VA ija. Chikadutsa Supplemental mutha kuchitabe koma ndalama za m'mbuyo zija zimathawa, ndiye musaiponye mu drowa eti.

Musanathamangire kwa loya pitani kaye ku mabungwe a asilikali akale monga DAV, VFW kapena American Legion, amathandiza kulemba mafomuwa ulere.