Pulogalamu ya RPG ikaima pa IBM i, tengani dump musanayankhe C

Amalawi amene timagwira ntchito za kompyuta m'maofesi a ku Sandton, Midrand ndi madera ena a Johannesburg timakumanabe ndi makina amene akuluakulu amangowatchula kuti AS/400, oyendetsa mapulogalamu olembedwa m'chinenero cha kompyuta cha RPG. Anatuluka mu 1988, ndipo kuyambira 2008 dzina lake ndi IBM i. Nthawi imene amazunza ndi kumapeto kwa mwezi: job ya malipiro yaima usiku, pa WRKACTJOB (command yoonetsa ma job amene akuyenda) yalembedwa MSGW, kutanthauza kuti ikudikira yankho la uthenga, foni ili kulira. Ambiri amafulumira kuyankha C (cancel, kuthetsa pulogalamu) kuti zichoke. Mukatero mwataya umboni wonse, ndipo vutolo lidzabweranso mwezi wamawa.

Job ikadali pa MSGW, zonse zimene pulogalamu inagwira zili m'memory. Lembani 7 pa jobyo muwerenge uthenga, kenako 5 kulowa WRKJOB. Option 10 ndi job log, option 11 ndi call stack, imene ikuonetsa pulogalamu imene inaitana inzake. Jambulani call stack musanayankhe, chifukwa job ikatha imapita nayo. Uthenga ngati RNQ0907 umakupatsani zilembo zinayi: C, G, D, F. Yankhani D. Dump, kutanthauza lipoti la zimene zinali m'memory pulogalamu itaima, ilembedwa mu spool file (fayilo yodikira kusindikizidwa) yotchedwa QPPGMDMP, pulogalamu n'kutha. G muziiopa: imabweza pulogalamu kukawerenga record yotsatira, ndiye wantchito mmodzi akhoza kudumphidwa pa malipiro popanda wodziwa.

Tsegulani QPPGMDMP ndi WRKSPLF kapena option 4 ya WRKJOB. Pamwamba pali status ya pulogalamu, nambala ya statement imene inalephera, uthenga wa makina, ndi fayilo yomaliza kugwiritsidwa ntchito. Status 00907 imayenda ndi MCH1202, kutanthauza kuti malo a nambala muli zinthu zosakhala nambala. 00102 ndi kugawa ndi ziro, 00103 ndi yankho lokula kuposa malo ake, 00121 ndi index yotuluka kunja kwa array. MCH3601 kawirikawiri ndi parameter imene woitanayo sanatumize.

Nambala ya statement imasokeretsa anthu ambiri. Ngati pulogalamu inapangidwa popanda OPTION(*SRCSTMT), nambalayo ndi ya pa compile listing, osati ya mzere wa mu source. Onaninso ndi DSPPGM kuti source imene mwatsegula ndi yomweyo imene inapanga pulogalamu ikuyendayo. Kuwerenga source ya chaka chino pamene pulogalamu ndi ya zaka zisanu zapitazo kumadya usiku wonse pachabe.

Mukaupeza mzere, lembani variable iliyonse imene ili pamenepo, muifufuze mu dump. Musakhutire ndi value yowerengeka imene dump yalemba pa variable. Yang'anani hex, kutanthauza ma byte enieniwo olembedwa ndi 0-9 ndi A-F, imene ili pambali pake, chifukwa choona chili mmenemo. Packed decimal imasunga manambala awiri mu byte imodzi, ndipo theka lomaliza ndi chizindikiro: F kapena C ngati nambala ili pamwamba pa ziro, D ngati ili pansi. R12345.67 mu packed 7,2 imatenga ma byte 4, imaoneka 1234567F. Zoned imaika nambala imodzi pa byte, kuchokera F0 mpaka F9. Mukaona 40404040, amenewo ndi ma blank a EBCDIC (kalembedwe ka zilembo ka makinawa), ndipo gwero lake limakhala limodzi mwa awiri. Mwina ndi data structure imene inalembedwa popanda INZ (keyword yoika ma value oyambira), pakuti yotere imayamba yodzaza ma blank ngakhale m'malo a manambala. Mwinanso ndi record yoipa imene inalowa kuchokera kunja, monga fayilo ya ku banki kapena ya pa PC. Tsimikizani ndi DSPPFM, dinani F10 kuona hex, F11 kuti hex ikhale pansi pa zilembo.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale akale pa ntchito. Mukaitana pulogalamu ndi CALL pa command line, kapena kudzera mu SBMJOB, nambala imatumizidwa ngati packed 15,5. Nambala 25 imafika ili 000000002500000F. Ngati pulogalamu ikudikira packed 7,0, imangowerenga ma byte 4 oyamba, 00000000, opanda chizindikiro, ndiye MCH1202 yabwera. Mu dump mudzaona maziro okhaokha n'kuganiza kuti zili bwino. Chosowacho ndi F wa kumapeto. Mawu osapitirira zilembo 32 amadzazidwa mpaka 32 basi, choncho parameter ya zilembo 50 imatola zinyalala za m'memory kumchira kwake. Mankhwala ake n'kulemba command yanu kapena kapulogalamu ka CL (chinenero cha ma command a IBM i) kokhala ndi DCL, mizere yolengeza ma variable, zofanana ndi zimene pulogalamu ikudikira.

Nthawi zina dump imatuluka yopanda ma variable, muli status, za mafayilo ndi ma indicator okha. Zikatero pulogalamu inapangidwa ndi DBGVIEW(*NONE) kapena debug data inachotsedwa. Ngati inapangidwa ndi optimization yapamwamba, ma value a ma variable ena akhoza kukhala akale. Ma field a mu fayilo amene pulogalamu siigwiritsa ntchito sadzazidwa pokhapokha mutaika DEBUG(*INPUT) kapena DEBUG(*YES), ndiye musadabwe kuwapeza opanda kanthu.

Kuti dump izidzilemba yokha, ikani DUMP(A) mu *PSSR kapena mu ON-ERROR, zigawo za RPG zimene zimayenda pakachitika vuto. A ameneyo amailemba ngakhale DEBUG palibe. Mu CL ndi DMPCLPGM pansi pa MONMSG. Pa ma job a usiku, ADDRPYLE (command yoika yankho lodziyankha lokha) ya RNQ0000 yokhala ndi yankho D imagwira ntchito ngati job ili ndi INQMSGRPY(*SYSRPYL).

FIXNBR (imakonza yokha manambala oipa) ndi LVLCHK(*NO) (imaletsa kuona ngati kapangidwe ka fayilo kasintha) zimatontholetsa uthenga, koma zoipazo zimangolowa m'mabuku a ndalama mwakachetechete. Konzani record kapena pulogalamu imene inailemba.

Dump ya malipiro imakhala ndi ma ID a manambala 13, maakaunti a ku banki ndi malipiro a anthu. Lamulo la ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, POPIA, lakhala likugwira ntchito mokwanira kuyambira 1 July 2021. Musaitumize pa WhatsApp kwa mnzanu wa kumudzi kuti akuthandizeni. Isungeni mu output queue yotetezedwa, ndipo vuto likatha ifufuteni ndi DLTSPLF.