Wasankhidwa ku yunivesite? Umu ndi momwe ungadutsire semesita yoyamba osawidedwa

Mayina a osankhidwa aja akangotuluka ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, foni yanga sipuma. Ana a kwathu kuno ku Thyolo, ena a ku Luchenza, ena mpaka ku Limbuli uko, onse funso ndi limodzi lomwelo, achemwali ndasankhidwa ndiye ndiyambire pati? Ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha, makamaka iwe mphwanga amene wachokera ku CDSS, makolo ako amathyola tiyi ku esiteti kapena amagulitsa nanazi ndi nthochi pamsewu, ndipo pamtundu panu ndiwe woyamba kuponda ku koleji. Ine ndinadutsa momwemo ndiye zomwe ndikuuzazi si zongomva.

Kaya wapita ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS kapena KUHeS ku Blantyre, ku LUANAR, ku Mzuni, kapena pompano pa MUST pa Ndata pafupi ndi Goliati, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014, chinthu choyamba kudziwa ndi ichi: kumeneko palibe amene adzakulondole. Kulibe belu, kulibe ahedi oyenda ndi ndodo, ukagona mpaka 10 koloko palibe akudzutse. Ku sekondale aphunzitsi amadziwa dzina lako ndi la agogo ako omwe, koma uku m'chaka choyamba mutha kukhala anthu mazana m'holo imodzi ndipo lekichala sadziwa n'komwe kuti wabwera kapena ayi. Ana ambiri anzeru amagwera pamenepa, osati chifukwa mutu ndi wolimba ayi, koma amazindikira mochedwa kuti sukulu inayamba kalekale.

Tiyambe ndi mapepala usananyamuke. Gula kafayilo ka pulasitiki uikemo kalata yokuitana kusukulu, chiphaso cha unzika, pepala la zotsatira za MSCE, zithunzi zing'onozing'ono zija, ndi silipi ya kubanki ngati walipirako fizi. Chilichonse panga fotokope kawiri katatu pa boma pompo, komanso uchijambule pafoni n'kudzitumizira pa imelo. Ngati ulibe imelo tsegula lero lomwe, ya dzina lako lenileni, ndipo pasiwedi uisunge wekha osati kumusiyira wa pa kafe uja. Uone bwino kuti dzina lalembedwa chimodzimodzi paliponse, chifukwa mayina athu achilhomwewa ena amawalemba ndi h ena opanda, ndiye kachilembo kamodzi katha kukuyendetsa maofesi sabata yathunthu.

Za loni. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lija la HESLGB lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, limalengeza nthawi yofunsira ndipo nthawiyo imatsekedwa, ndiye usadikire kuti ukafunse ukafika kusukulu. Werenga malangizo a chaka chimenecho mzere ndi mzere, lemba zoona zokhazokha za pakhomo panu, usachite manyazi kulemba kuti mayi amachita maganyu ngati ndi momwe zilili. Ndipo aliyense wokuuza kuti umupatse kangachepe akuthandize kuti dzina lako lituluke ndi wakuba, umuthawe. Kumbukiranso kuti ndi ngongole, udzabweza ukadzamaliza. China, ngakhale utapatsidwa pamakhala ndondomeko zoti zitsatidwe ndalama isanalowe, ndiye masabata oyambirira uyenera kukhala ndi pogwira. Khala pansi ndi makolo, amalume, kaya a kumpingo, muwerengetsere limodzi za mwezi woyamba: thiransipoti ya minibasi mpaka ku Limbe, kuchoka apo ya ku Zomba kapena basi ya ku Lilongwe, lendi, ndiwo, sopo, bandulo.

Malo ogona m'mahositelo sakwanira onse, izi ndi za pafupifupi paliponse. Ukapanda kupeza udzachita lendi kunja, a ku Zomba ambiri amakhala ku Chikanda, a ku Blantyre madera ngati Chitawira ndi Naperi. Usatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene wangokuonetsa chithunzi cha chipinda pa WhatsApp. Pita ukaone ndi maso, funsa za madzi, funsa ngati magetsi muli pa mita imodzi ndi alandilodi, yesa loko wa chitseko, ndipo yenda wapansi kuchoka pamenepo kukafika kukalasi uone kuti ndi mphindi zingati, uganizirenso kuti njira imeneyo udzadutsamo usiku pochokera ku laibulale. Atsikana apa ndikunenetsa, bola chipinda chothinana cha anthu atatu pafupi kusiyana ndi chako chako kutali kumdima.

Kunyumba nyamula zomwe zilipo osachita nazo manyazi. Ufa wa mgaiwa, nandolo wouma, nyemba, makaka, kabotolo ka chiponde, kapoto kamodzi ndi mthiko. Anzako a m'tauni adzayamba ndi chipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku koma pofika pakati pa semesita nonse mudzakumana pa bonya ndi soya pisi, ndiye iwe yamba pomwepo ndalama ikhalitse. Juzi ndi bulangete usasiye, ife a kuno chiperoni timachidziwa, ndipo ku Zomba ndi ku Mzuzu kumazizira mofanana ndithu.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya m'kalasi, ndipo apa ndikhalitsapo.

Tsiku loyamba la kosi iliyonse lekichala amapereka pepala kapena amatumiza pa gulupu ndondomeko ya kosiyo, muli mitu yonse, mabuku oti uwerenge, ndi momwe malikisi agawidwire. Ambiri amangoliona n'kulisiya. Iwe ulisunge ngati khadi la kuchipatala. Chifukwa chake ndi ichi: ku yunivesite malikisi sachokera pa mayeso omaliza okha ngati MSCE. Gawo lina, m'makosi ambiri 40 pa 100, limachokera ku zomwe ukuchita semesita ili mkati, ma asayimenti, timayeso tapakati, malipoti a ku labu, ntchito za pagulu, zomwe timangoti CA. Ndiye kaasayimenti kamene ukukaona ngati kachabechabe sabata yachitatu kali kale m'giredi yako. Ukalowa m'mayeso omaliza CA ili pansi umakhala ngati ukukwera phiri la Mulanje utasenza thumba la chimanga, ungalimbe bwanji sufika pomwe afika anzako. Ukalephera pang'ono umalemba sapu, mayeso obwereza aja, ukalephera makosi ambiri ndiye kubwereza chaka kapena kuwidedwa kumene, kubwerera kumudzi ndi chikwama. Malamulo a zimenezi amasiyana sukulu ndi sukulu ndipo amalembedwa m'kabuku ka malamulo a ophunzira, kapeze sabata yoyamba uwerenge gawo la mayeso lonse, usadalire zomwe akukuuza makonti, ophunzira a zaka zapamwamba aja, pa khonde chifukwa ena amanena za malamulo akale.

Notsi usadikire kuti wina alembe pa bolodi. Lekichala amalankhula, masilaidi akudutsa, ola latha wapita. Lemba mitu ndi mawu omwe wabwereza kawiri, kenako madzulo a tsiku lomwelo, osati mawa, khala pansi ola limodzi udzaze mipata ndi buku. Ukazisiya sabata ziwiri ukadzatsegula udzapeza kuti zolemba zako zomwe sukuzimva. Ine ndimati ola lililonse la m'kalasi lizikhala ndi ola lake lowerenga pawekha, ndipo mipata ija ya pakati pa makalasi, pomwe taimutebulo ili ndi dzenje la maola atatu, imeneyo ndiye nthawi ya laibulale osati yobwerera kukagona.

Koma chomwe chimatipweteka kwambiri ife ochokera kumudzi ndi manyazi. Ndinafika ine ndili ndi mapointi abwino, koma nditamva Chingerezi cha ana a m'masukulu a pulaiveti pakamwa panga panatsekeka. Masabata asanu ndinakhala kumbuyo osafunsa kanthu, mawu ena a lekichala osawamva, kompyuta ndinali ndisanaigwirepo bwinobwino, asayimenti yoyamba ndinalemba pamanja pomwe amafuna yotayipa. Mayeso oyamba apakati ndinalakwa kwambiri ndipo ndinalira usiku wonse, ndimaganiza za mayi anga omwe anagulitsa mbuzi kuti ndipeze thiransipoti. Chinandipulumutsa ndi mtsikana wina wa chaka chachitatu, wa ku Mulanje cha ku Chitakale, amene anandimva ndikuyankhula pafoni n'kuzindikira kuti ndine wakwawo. Anandigwira dzanja kupita nane ku ofesi ya lekichala, ndipo bambo aja anandifotokozera mofatsa zomwe ndinalakwitsa, anati bwenzi nditabwera kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ku yunivesite phula lake ndi sapu. Malekichala amakhala ndi nthawi yoonana ndi ophunzira, ambiri amaimata pachitseko. Pita ndi funso lenileni, utayesa kale wekha, unene kuti apa ndafika koma apa ndasochera. Ukapita kwa lekichala pita masana ku ofesi, ngati mtima sukukhazikika tenga mnzako, ndipo wina aliyense akayamba kukuuza zoti mukakumane kwina kuti malikisi akwere, sunga mamesejiwo ukanene ku ofesi ya Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira. Usaope, si iwe wolakwa.

Chingerezicho chimabwera. Yankhula chomwecho chothyokathyokacho, pofika chaka chachiwiri palibe adzakumbuke. Ndipo udzadabwa kuti pa masamu ndi pa kulimbikira iwe amene unkawerengera koloboyi uli patsogolo.

Peza gulupu yowerengera limodzi koma ya anthu ochepa, anayi kapena asanu, mutu umodzi susenza denga. Osati anzako ocheza nawo ayi, koma anthu omwe akabwera amakhala atawerenga. Muzigawana mitu, aliyense afotokozere anzake ngati akuphunzitsa, m'Chichewa momwe ngati zikuvuta, kenako muyankhe mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo omwe amapezeka ku laibulale kapena kwa makonti. Ukatha kumufotokozera mnzako chinthu osayang'ana m'buku ndiye kuti wachimva. Nambala ya kalasi repu, wophunzira woimira kalasi yanu, ikhale m'foni mwako ndipo gulupu ya WhatsApp ya kalasi uziyitsegula m'mawa uliwonse, kalasi imatha kusunthidwa usiku, ndiye kabandulo ka WhatsApp kokha kasamathe ngakhale zitavuta bwanji.

Ngati ulibe laputopu si mapeto a dziko. Ma labu a makompyuta alipo, pita m'mamawa anthu asanadzaze, phunzira kutayipa ndi kusunga ntchito yako pa imelo kapena Google Drive chifukwa fulashi imatayika ndipo imagwira mavairasi. Asayimenti uziyamba tsiku lomwe yaperekedwa ngakhale ndime imodzi yokha, poti magetsi amatha kuzima usiku womaliza ndipo pa pulinta pamakhala mzere. Kukopera ntchito ya mnzako, kapena kutenga za pa intaneti ndi za ChatGPT n'kuika dzina lako, ndi mlandu waukulu kumeneko, utha kupatsidwa ziro kapena kuitanidwa ku komiti ya chilango. Phunzira msanga kalembedwe kosonyeza komwe watenga mfundo, amaphunzitsa m'kosi ija ya luso la chiyankhulo ndi kulemba ya chaka choyamba yomwe ambiri amainyozera.

Ndalama ikalowa, kaya ya loni kaya yochokera kwa achimwene a ku Joni, tsiku lomwelo lipira lendi, gula ufa, mafuta ndi makala, patula ya thiransipoti yobwerera kumudzi uyibise pena. Yotsalayo igawe m'masabata. Foni yatsopano idikire. Kubetcha mpira ndi katapila ndaona zikumaliza anyamata abwinobwino, wina tinkakhala naye mpanda umodzi anabetcha ndalama ya lendi yonse, kenako anayamba kuthawa makalasi pothawa omwe anawakongola, chaka chisanathe anali atabwerera kwawo. Zimandiwawabe mpaka lero chifukwa anali wanzeru kuposa tonsefe. Kumudzinso adzayamba kukuimbira kuti utumizeko ya feteleza poganiza kuti wayamba kulandira, afotokozere mwaulemu kuti ndalamayo ndi yodyera ndi yogulira mabuku, ukaitumiza ugona ndi njala ndipo sukhoza.

Za mapemphero ndi zocheza sindiletsa. Magulu ngati SCOM, a Katolika, a Adventist, a Chisilamu onse alipo ndipo ndi komwe ambiri timapezako abale otigwira dzanja, palinso timagulu ta ana ochokera boma limodzi. Sankha chimodzi kapena ziwiri basi, usakhale wa kwaya, wa mpira, wa ndale, wa drama zonse nthawi imodzi chaka choyamba. Ukadwala pita ku kiliniki ya pasukulu usunge pepala la adokotala, ndipo ngati kwagwa maliro kumudzi nthawi ya mayeso usangonyamuka, lemba kalata ku dipatimenti ndi kwa Dean of Students usanakwere minibasi, apo ayi adzakulemba kuti sunabwere ndipo kukonza zimenezo pambuyo n'kovuta. Mutu ukalemera, tulo osabwera, maganizo oipa akuyamba, uza munthu, alangizi alipo pasukulu ndipo ntchito yawo ndi imeneyo.

Mukatsekera usasiye notsi zako kwa alandilodi kapena kuzipereka kwa ogulitsa mandasi. Bwera nazo kuno, pasiwedi ya potalo ya ophunzira, tsamba la pa intaneti loonerapo zotsatira, uyilembe penapake, ndipo zotsatira zikayandikira uzikwera pa chulu paja pogwira netiweki uone wekha. Ngati pali sapu, masiku ake amakhala pafupi ndipo sadikira munthu, ndiye ya thiransipoti ija unabisa ija isakhudzidwe mpaka utaona kuti makosi onse wakhoza.